Chamba cha m'sutikesi ya Mayi Mbewe

Lachiwiri lapitali, pa bureki ya masana, ndinalephera kumaliza tiyi wanga.

Tinali atatu m'kachipinda kopumira, ku nyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito kuno ku Leicester. Panali ine, panali Esnart, mtsikana wa ku Kasungu amene anabwera zaka ziwiri zapitazo pa viza ya ntchito, ndi a Tembo, mnzathu wa ku Zambia amene amayendetsa minibasi ya okalamba. Esnart anavula duku n'kutionetsa mmene tsitsi lake lathothokera m'mbalimu.

"Taonani, anti. Madzi akuno andimaliza. Koma Lachisanu mavuto atha, mankhwala anga akubwera ndi Mayi Mbewe."

Mayi Mbewe ndi namwino, mayi wamasiye, mtsogoleri wa amayi mu mpingo wathu. Akhala kuno zaka zoposa makumi awiri. Anapita kumudzi kukamanga chiliza cha amuna awo, ndipo amayenera kukwera ndege Lachinayi.

"Mankhwala anji?" ndinafunsa.

"A tsitsi. Asisi anga akonza mafuta osakaniza ndi chamba. Kwathu aliyense amadziwa, tsitsi limamera ngati udzu wa mu Januwale."

Ndinaika kapu pansi.

"Mayi Mbewe akudziwa chimene anyamula?"

"Aa, anti, phukusi la mwini amafunsa? Komanso vuto lili pati? Chamba chinaloledwa. Kumudzi analoleza, kunonso analoleza. Inu simuonera nyuzi?"

A Tembo anavomereza ali ndi buledi m'kamwa. "Ni zoona izo, amai. Naine ninaona pa TV, bazungu bali kuvina mumsewu, mbendera zili na tsamba lija. Ati manje ni fri. Nanga si Mulungu analenga zomera zonse?"

"Analenganso chitedze, a Tembo," ndinatero, "koma simuchiyala pa bedi."

Esnart si mtsikana wopusa, ndipo ndikufuna mumve zimenezi tisanapitirire. Amagwira ntchito mosamala, amaimba kwaya, sanasutepo ngakhale fodya wamba. Anatulutsa foni n'kundionetsa umboni wake, ndipo unali utatu.

Woyamba unali kakanema kakafupi kamene wina anatumiza pa gulu la pa foni. Khamu la anthu likusangalala pa bwalo, utsi uli tolotolo, pamwamba mawu akuluakulu akuti chamba tsopano n'chololedwa. Dziko lake silinalembedwe. Ndinayang'anitsitsa zikwangwani za m'masitolo kumbuyo kwa anthuwo: sichinali Chingerezi. Linali dziko lina la ku Ulaya.

Wachiwiri unali mutu wa nkhani wa kumudzi, wonena kuti boma lavomereza ulimi wa chamba. Nkhani yeniyeniyo sanaitsegule.

Wachitatu sunali pa foni. Unali sitolo imene amaidutsa pa basi popita m'tauni, ili ndi tsamba lobiriwira lalikulu pa windo, ikugulitsa timabotolo ta mafuta masana dzuwa likuswa mtengo. Onjezani fungo la chamba limene limakulandirani pa makona ena a Highfields, dera la kuno ku Leicester, apolisi akungodutsa. Mukanakhala inu, mukanaganiza chiyani?

Palibe mwa zitatuzi chimene chinali bodza lenileni. Dziko lija linalolezadi akuluakulu kusuta, ndi malire ake. Kumudzi analolezadi kulima, koma kwa amene ali ndi layisensi, pofuna mankhwala ndi zinthu za m'mafakitale. Wopezeka nacho m'thumba amamangidwabe. Mafuta a m'sitolo ija anawachotsa mphamvu yoledzeretsa. Kuno ku Britain chamba chosuta n'choletsedwa, ndipo kulowa nacho m'dziko ndi mlandu waukulu. Zoona zitatu zoduladula, ataziphatikiza, zinabala bodza limodzi lathunthu. Ndipo bodzalo linali litagona m'sutikesi ya mayi wosalakwa ku Area 25.

Mwambo wathu wa mapukusi mukuudziwa. Munthu akangolengeza kutchalitchi kuti akupita kumudzi, wasanduka lole. Popita amanyamula nsapato ndi mafoni a abale a anthu. Pobwera amanyamula mtedza, zitenje, tsabola wa kambuzi, therere louma. Phukusi limabwera litakulungidwa ndi tepi kuzungulira kasanu, dzina lili pamwamba. Kulitsegula ndi mwano. Zili ngati ukunena kuti mnzako ndi wachinyengo, kapena ukudzionetsa wekha kuti uli ndi manja aatali.

Ndiye pa bwalo la ndege amatifunsa: katunduyu mwalongedza nokha? Pali amene wakupatsirani kanthu? Ife, yunifomu ya kutchalitchi ili m'sutikesi momwemo, timayankha ndi nkhope yoyera kuti tapakira tokha. Sindikuloza munthu chala. Inenso ndinayankhapo choncho, osati kamodzi, ndipo sindinaganizepo kuti n'chinthu choyenera kulapa.

Ndinawaimbira foni Mayi Mbewe pomwepo, Esnart ali pambali panga.

"Amake Tadala," anayankha Mayi Mbewe, "mukuimba nthawi ya shifiti, kwagwanji?"

"Kulibe maliro, mayi. Phukusi la Esnart lafika?"

"Lafika dzulo, analibweretsa alamu ake pa njinga yamoto. Ndalongedza kale, lili pansi penipeni."

"Litulutseni mulitsegule."



"Amake Tadala, zaka zonsezi ndanyamulira anthu katundu, sindinang'ambepo tepi ya munthu. Ndiyambe lero, imvi zili mbuu?"

Esnart anatenga foni. Mawu ake anali atachepa.

"Amayi, ndine Esnart. Tsegulani, ndavomereza ndine mwini wake. Muli mafuta a tsitsi basi."

"Nanga mafuta a tsitsi ndiwo muziimbira foni kuchokera ku Ulaya?"

"Ndi osakaniza ndi chamba pang'ono."

"Ndi chiyani?"

Mayi Mbewe anayatsa kamera. Tinawaona akugwada pa simenti, akutulutsa katundu yense amene anamulongedza bwinobwino, mpaka anafika pa phukusi la Esnart. Analicheka ndi mpeni wa kukhitchini. Pamwamba panali chitenje. Kenako jumbo ya mtedza. Kenako botolo la mafuta obiriwirako. Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo, koma pansi pa botolo panali pepala la shuga lodzaza bwino, lomangidwa ndi ulusi, ndi kakalata kochokera kwa mkulu wake wa Esnart: botolo likatha, uzisakaniza wekha.

Masamba ouma, odzaza manja awiri.

Mayi Mbewe anakhala pa bedi. Sanakalipe. Anangoti, "Mwana wanga, ndatsala ndi zaka zitatu kuti ndipume ntchito."

Amene si anamwino mwina simungamve kulemera kwa mawu amenewo. Namwino kuno amakhala ndi nambala yomuloleza kugwira ntchito, ife timangoti pini. Mlandu wa mankhwala osokoneza bongo ukakugwera, pini imagwedezeka, ndipo ikapita, zaka zonse zija za kuimirira pa wodi zapita nayo. Kukhoti sakafunsa ngati unali wokoma mtima. Akakumbutsa kuti unanena wekha kuti unapakira wekha.

Ndinakumbuka nkhani ija ya m'Malemba, ya abale obwerera kuchokera ku Igupto ndi matumba a tirigu. Anaimitsidwa pa njira, matumba anatsitsidwa, ndipo chikho chinapezeka m'thumba la wamng'ono amene sanachiikemo. Kusadziwa kwake sikunachotse chikho m'thumba.

Esnart anali akulira. A Tembo anali atasiya buledi wawo. Amene anatimasula ndi Mayi Mbewe omwewo.

"Chabwino, chaoneka chisanakwere ndege. Tsono ndichitaye bwanji? Ndikachiwotcha, Area 25 yonse iyamba kuseka popanda chifukwa. Chikupita ku chimbudzi cha panja, ndi botolo lomwe."

Sabata yonseyi ndakhala ndikuganiza za kakanema kaja. Ndayamba kuyang'anitsitsa mmene nkhani za chamba zimabwerera kwa ife, ndipo ndaona kuti atolankhani ali ndi zithunzi ziwiri zokha m'kabati mwawo.

Chithunzi choyamba n'cha chikondwerero. Tsamba lobiriwira lowala ngati lapakidwa mafuta, achinyamata akumwetulira, bambo wa suti akuyenda m'nyumba ya magalasi pakati pa mbewu zofoleredwa bwino. Nkhani yake imakamba za ntchito, za misonkho, za ufulu. Amati n'chongosangalalira, ngati akunena za bawo kapena mpira wa manja. Kumudzi chithunzi chomwechi chimavala malaya ena: golide wobiriwira, mpulumutsi amene alowe m'malo mwa fodya.

Chithunzi chachiwiri n'cha mantha. Apolisi akuthyola chitseko m'mamawa, anyamata ophimba kumutu, ndipo kawirikawiri khungu lawo ndi longa lathu. Kumudzi ndi bambo wa ku mapiri a Nkhotakota atakhazikidwa pansi pa rodibuloko, matumba ali pambali, nkhope yake ili poyera kuti dziko lonse limuone.

Mbewu ndi imodzimodzi. Akaigwira wa suti, nkhani imapita pa tsamba la bizinesi. Akaigwira wa patapata, imapita pa tsamba la milandu. Ndani amasankha chithunzi? Ndipo n'chifukwa chiyani m'zithunzi zonse ziwirizi mulibe mawu ang'onoang'ono amene akanapulumutsa Esnart: kuti, kwa yani, mochuluka bwanji, mwa chilolezo cha ndani?

Yankho si lovuta. Mawu amenewo ndi otopetsa, ndipo mkonzi amadziwa kuti chala chathu chimathamanga pa foni. Ali ndi kamphindi kamodzi koti atigwire. Ndiye amaika liwu lalikulu pamwamba, malire ake amawakankhira ku ndime yachisanu ndi chinayi, kumene amafikako ndi maloya okha. Akafunsidwa adzati sananame, zonse zinalembedwa. Ndi zoona. Njoka ija m'munda nayo sinachite kupeka mtengo umene kunalibe. Inangosankha mbali ya chipatso yoti ionetse, ndi mbali yoti ikhale chete.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma ndisanamalize kuloza atolankhani, ndiyang'ane m'diso langa. Ife a kutchalitchi timadana ndi chithunzi choyamba, koma chachiwiri timachikonda kwambiri. Chaka chatha ndinatumiza pa gulu la amayi kakanema konena kuti munthu akangolawa chamba kamodzi ubongo wake umauma mpaka kalekale. Sindinafufuze. Chinandikwanira n'chakuti kanali kumbali yanga. Mwana wanga Tadala, amene tsopano ndi mayi wa ana awiri, anandiimbira n'kundifunsa m'Chingerezi chake chija ngati ine, namwino, ndimakhulupiriradi zimenezo. Ndinachita manyazi. Bodza loopsezera ana kuti asasute ndi bodzabe, ndipo lamulo loletsa umboni wonama silinapatule mabodza otithandiza. Choopsa n'chakuti ana obadwira kuno amafufuza. Akatipeza tanama pa chimodzi, amatseka makutu pa zisanu ndi zinayi zoona zimene tikanawauza.

Ndipo zoona zoti tiwauze zilipo. Ndinagwirapo ntchito pa wodi ya odwala maganizo. Ndinaona amuna a zaka makumi awiri ndi mphambu, ana a anthu, akulankhula ndi makoma, amayi awo atakhala pa mpando wa pulasitiki atagwira chikwama pa miyendo. Si onse osuta amene amafika kumeneko, ndipo sindinena kuti ndi onse. Koma amene ndinawaona ndinawaona ndi maso anga, ndipo sanaonekepo m'kanema wa anthu ovina.

Ndaonanso mbali ina. Pa ntchito ina ndinasamalirapo mayi amene minofu yake inkakokana mopweteka, ndipo dokotala wamkulu anamulembera mankhwala opangidwa kuchokera ku chamba. Ankamuthandiza. Mankhwalawo ankakhala m'kabati yokhoma m'kati mwa kabati ina yokhoma. Potulutsa tinkasaina anthu awiri. Ndikamva liwu lakuti chololedwa, ine ndimaona kiyi ameneyo ndi masiginecha awiriwo. Mayi ameneyu nayenso sindinamuonepo pa TV, chifukwa kabati yokhoma sikopa maso.

Tsono maganizo anga ndi awa, ndipo sindikuwabisa. Sindifuna kuti chamba chosuta chiloledwe, kuno kapena kumudzi. Ena mwa inu mukutsutsa, ndipo zifukwa zanu ndazimva: ndende zadzaza ndi amphawi, ogulitsa mobisa akulemera. Tikhoza kukambirana. Koma ngakhale aphungu a dziko lino atadzuka mawa n'kuloleza, kwa wokhulupirira funso silinathe. Chololedwa ndi chopindulitsa si mapasa. Mowa ndi wololedwa, njuga ndi yololedwa, ndipo nyumba zimene zagwa nazo tonse tikuzidziwa. Nyumba ya malamulo imanena chimene wapolisi angakumangire. Siinena chimene thupi lako, limene si lako wekha, liyenera kulandira.

Chimene ndikukana n'chakuti mkangano waukulu chonchi tiziuweruza ndi chithunzi ndi liwu limodzi. Wotsutsa ndi wovomereza, tonse tikudyetsedwa ndi supuni imodzi. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Malemba amayamikira anthu a mudzi wina amene, atamva ulaliki wokoma, sanangowomba m'manja. Anapita kukafufuza tsiku ndi tsiku ngati zinalidi choncho. Ngati ankafufuza mlaliki woona, ife tikulekeranji kufufuza kakanema kopanda dzina?

Mayi Mbewe anafika bwino Lachisanu. Lamlungu, mapemphero atatha mu holo imene timachita lendi ku Highfields, anaika chikwama chachikulu pa tebulo la tiyi n'kuyamba kuitana mayina. Mapukusi analipo khumi ndi limodzi. Onse anali otsegulidwa, atamangidwanso ndi timizere ta nsalu.

Anthu anayang'anana. Mayi wina wa kwaya, amene sasunga mawu m'kamwa, anatembenuza lake uku ndi uku.

"Mayi Mbewe, ndiye kuti mwaona ndi zovala zanga zam'kati zomwe?"

"Ndaona, achemwali. Muwauze akumudzi kuti saizi yachepa, kuno mukudya bwino."

Ena anaseka, ena sanaseke. Bambo wina anatenga lake osathokoza, ndipo ndamva kuti akudandaula kuti ulemu watha pakati pathu. Mayi Mbewe sanafotokoze chifukwa, sanatchule dzina la munthu. Anangonena kuti kuyambira tsopano chimene sanachione ndi maso awo sichikwera nawo ndege, ndipo akafunsidwa pa bwalo la ndege akufuna ayankhe zoona.

Esnart anadikira mpaka anthu atachepa. Anawapeza Mayi Mbewe kukhitchini akutsuka makapu, n'kugwada pa matailosi.

"Dzuka, pansi pakuzizira," anatero Mayi Mbewe. "Ndinakwiya Lachiwiri, Lachitatu ndinakwiyabe, Lachinayi mu ndege ndinapemphera. Iwe unapusitsidwa, ine ndinanyamula osaona. Tonse tili ndi chotiphunzitsa. Tenga mtedza wako ndi chitenje. Tsitsi limera, usade nkhawa. Pini ndiyo simera."

Ndinaima pakhomo ndi thaulo m'manja, ndikuganiza kuti mayi ameneyu wapulumuka chifukwa choti mtsikana wina anavula duku pa bureki. Akanakhala pa shifiti ina tsiku limenelo, lero bwenzi tikusonkhana kupempherera nkhani ina. Ndimakhulupirira kuti Ambuye anatichitira chifundo. Sindikhulupirira kuti tiziwayesa kawiri.

Phukusi lomata tepi taphunzira kulitsegula, ngakhale ena akwiye. Koma pali mapukusi ena amene timanyamulirana tsiku lililonse, opepuka, osalipira ndege, olembedwa liwu limodzi lalikulu pamwamba. Timawalandira kwa munthu amene sitimudziwa, n'kuwapatsira abale athu ndi chala chimodzi.

Mutu wa nkhani umene mwatumiza pa gulu m'mawa uno, munayamba mwaona zam'kati mwake? Ngati simunaone, mukudziwa kuti ukathera m'sutikesi ya ndani?